Masiku Atatu Ndikulimbana ndi Bokosi la Makamera

Ukangodziwika kuti umaphunzitsa makompyuta, pa abale ako palibenso chinthu cha waya chimene sichikukhudza. Foni ikafa amabwera nayo kwa iwe. Wailesi ikayamba kulira ngati yagwidwa chimfine, kwa iwe. Mayi wina wa kumpingo kwathu anafika pondibweretsera ayironi yositira, ataikulunga bwinobwino m'chitenje. Chonsecho ntchito yanga ndi kuphunzitsa ana a sekondale kuno ku Katete kutaipa kalata ndi kusanja manambala, basi. Koma ukanena kuti izi sindizidziwa, amati sukulu yakupatsa matama. Nthawi zambiri ndimangoseka n'kuwalozera kwa okonza mafoni kumsika. Koma pali ulendo wina umene sindikanatha kukana.

Linali Lolemba lotsatira mwambo wa Kulamba, sukulu tili pa holide. Amayi anandiimbira foni kuchokera kumudzi, osayamba n'komwe ndi moni. Anati atsibweni anga, mlongo wawo wa amayiwo, akuwaganizira kuti aba mtedza.

Atsibweniwo anali atagwira ntchito zaka zambiri pa depo ina yogula mbewu ku Sinda. Ndiwo ankayeza matumba a alimi pa sikelo, ndiwonso ankatsegula m'mawa ndi kutseka madzulo. Lachisanu anatseka monga mwa masiku onse, ndipo Loweruka depo sinatsegulidwe chifukwa aliyense, ndi eni depo omwe, anali ku Mkaika ku mwambowo. Pofika Lolemba m'mawa anapeza mulu wa mtedza wachepa ndi matumba asanu ndi atatu. Loko sanathyoledwe, mazenera ali bwinobwino, denga losaboola. Makiyi analipo awiri okha, wina wa eni depo, wina wa atsibweni.

Eni depo anati nkhani ikapanda kumveka pofika Lachisanu, ipita kupolisi. Atsibweni ndi mkulu wa mpingo, munthu amene akabwereka khasu amalibweza atalinola. Sanakangane nawo. Anangoti m'depomo muli makamera, anthu aone chimene chinachitika. Vuto linali lakuti panalibe amene anaonapo zithunzi za makamerawo kwa zaka ziwiri, chiyambire pamene mphezi inatentha kompyuta yakale ya mu ofesi. Makamera ankangophethira kagetsi kawo kofiira, anthu n'kumaopa, ndipo eni depo ankaona kuti zimenezo zakwana.

“Iwe ndiwe wa makompyuta,” anatero amayi. “Pita ukawatulutse m'manyazi.”

Lachiwiri m'mamawa ndinakwera minibasi ya ku Sinda nditanyamula laputopu yatsopano imene sukulu inandipatsa. Ndinali nayo matama, sindibisa. Ndinkaganiza kuti ndi ntchito ya ola limodzi, masana ndidzakhala nditabwerera kudzachapa.

Atsibweni ndinawapeza panja. Anali atawauza kuti asalowe mpaka nkhani ithe, koma anabwera ndithu pa nthawi ya ntchito, atavala shati yosita, n'kukhala pa njerwa pansi pa mtengo wa mango, njinga ataitsamiritsa pambali. Ndinagwada n'kuwapatsa moni.

“Mwabwera, aphunzitsi,” anatero. Kunditchula aphunzitsi anayamba tsiku limene ndinamaliza koleji, mwina mwanthabwala, mwina monyadira. “Musadzivutitse kwambiri. Makinawo ali ndi maso, anena okha.”

Eni depo, bambo wamimba woyankhula mofulumira, anandilowetsa mu ofesi n'kuloza kudenga. Bokosi limene limasunga zithunzi za makamera linali pamwamba penipeni pafupi ndi malata, lili m'kakhola ka zitsulo kowotcherera ku mtanda. Amene anaika makamerawo anati akatero akuba sangalinyamule. Sananame, koma ndi ife tomwe sitikanalitsitsa. Kuchokera m'kakholamo munkatsika waya mmodzi wabuluu, akulendewera pamene kale panali kompyuta. Pakhoma panali kapepala kachikasu kolembedwa manambala, amene ndi adiresi ya bokosilo. Ukalumikiza waya ku kompyuta n'kulemba manambalawo mu bulawuza, pulogalamu ija timatsegulira masamba a pa intaneti, zithunzi zimayenera kutuluka.

“Chitani changu, amadamu,” anatero eni depo. “Sabata ino akusintha mapolo m'mseu umu. Ikakwana thwelofu awazi malaiti amapita, kubwera ni mailo.” Ankatanthauza kuti magetsi akazima masana, ayakanso mawa lake.

Ndinalumikiza, ndinalemba manambala, ndinadina. Kanthu kanazungulirazungulira, kenako panatuluka mawu akuti tsambali silikupezeka. Ndinalembanso pang'onopang'ono ngati mwana wa giredi wani. Chimodzimodzi. Ndinapukuta mutu wa waya ndi chitenje, ndinauuzira, zimene ndimaletsa ana anga kusukulu. Panapita ola lathunthu ndikufufuza pa foni ndisanamvetse kuti laputopu yanga inkafunika kupatsidwa adiresi yofanana mtundu ndi ya bokosilo, apo ayi sizingamvane ngakhale zili pa waya mmodzi. Nditasintha, tsamba linatseguka, lotuwa, la zilembo zazing'ono. Linkafuna pasiwedi.

Ndinatembenukira kwa eni depo. Iwo anandiyang'ana ngati ndawafunsa dzina la agogo a agogo awo.

Tinamuimbira munthu uja anaika makamera. Anali atasiya kalekale ntchito imeneyo, tsopano akugulitsa katundu kumalire ku Vubwi. Foni inkalowa, iye n'kunena mawu atatu, n'kuduka. Tikaimbanso, inkatiyankha ndi mayi wa makina wolankhula Chipwitikizi. Ulendo wachisanu ndi chimodzi anakwera pa chulu, ndipo tinamva ndithu kuti pasiwedi anailemba ndi bolopeni kunsi kwa tebulo la mu ofesi. Ndinagwada pansi, ndinasuzumira, ndinapaka fumbi m'tsitsi langa lomwe ndinali nditangomangitsa. Kunsi kwa tebulo kunali akangaude okha.

“Aa, si iyi tebulo,” anatero eni depo akukanda m'mutu. “Yakudala ija ili kunyumba, amayi aikapo mashini yosokera.”

Anakwera galimoto kukaiona okha. Pamene ankabwerera, pasiwedi italembedwa pa dzanja, fani ya mu ofesi inali itaima. Ndinatuluka osatsanzika bwino. Atsibweni anandiyang'ana kumaso, ine n'kuti mawa, iwo n'kugwedeza mutu.

Lachitatu ndinalawira kwambiri, moti ndinafika eni depo asanatsegule. Pasiwedi inalola nthawi yomweyo, mtima wanga n'kukhala pansi. Panatuluka timabokosi tinayi, ta makamera anayi. Tonse tinali bii. Pamwamba pake panali mawu akuti kuti zithunzi zioneke, ndiyambe ndaika kapulogalamu kena kothandizira, ndipo ndidine apa.

Ndinadina. Laputopu inakana, inati kanthu aka n'koopsa. Ndinaiuza kuti ndikudziwa, ilole. Inafunsanso ngati ndatsimikiza. Ndinatsimikiza. Kapulogalamu kanalowa, kanati nditseke bulawuza n'kutsegulanso. Ndinatseka, ndinatsegula, ndinalembanso manambala, ndinalembanso pasiwedi. Timabokosi tinayi bii, ndipo pamwamba pake mawu omwe aja akuti ndiyambe ndaika kapulogalamu kothandizira, ndidine apa.

Ndinazungulira mtunda umenewu kasanu. Ndinayesa bulawuza ina, chimodzimodzi. Ndinatsitsa yachitatu pa mabandulo a foni yanga, netiweki ikukwawa, nayonso inandiuza kuti ndidine apa. Ndikanakhala ndekha ndikanatukwana. Koma pakhomo la ofesi panali patadzaza alimi amene anabwera kudzagulitsa mtedza ndi soya, ndipo onse anali atamva kuti mdzukulu wa akulu aja wabwera ndi makina odzagwira wakuba. Ankasuzumira mosinthana, wina n'kumafotokozera anzake kumbuyo kuti pakadali mdima.

Pa foni ndinapeza kuti vutoli si langa ndekha. Anthu a m'maiko akutali analira nalo zaka zambiri zapitazo. Mabokosi a mtundu umenewu anapangidwa kuti azimvana ndi bulawuza imodzi yokha, yakalekale, ija ya chilembo chabuluu imene tinkaphunzirira ku koleji. Eni ake anaitaya, makompyuta atsopano sabwera nayo, ndipo mabulawuza a masiku ano anatseka khomo limene kapulogalamu kaja kankalowera. Pansi pa madandaulo onsewo nthawi zonse pankapezeka wanzeru wina wolemba kuti ingogulani bokosi latsopano. Ndinkafuna kumufunsa ngati bokosi latsopanolo lidzabwera ndi zithunzi za Loweruka lapita.

Eni depo ankalowa n'kutuluka, akuyeza okha matumba, thukuta lili kamukamu.

“Nanga amadamu, si yanyowani kompyuta yanu?”

“Ndi yatsopano, abwana. Vuto lake ndi lomwelo.”

“Ndiye kuti yanyowani ni yopusa kupambana yakudala?”

Ndinayamba kufotokoza, koma pakati pa chiganizo ndinaona kuti ndikugwirizana nawo, ndiye ndinangosiya.

Ndinaganiza zosiya za bulawuza n'kulumikiza sikirini ku bokosi lenilenilo. Tinabwereka kasikirini pa shopu yoyandikana nayo, tinabwerekanso makwerero. Ndinamanga chitenje mwamphamvu n'kukwera ndekha, chifukwa eni depo anati iwo amamva chizungulire. Kumalata kunkatentha ngati m'uvuni wa njerwa. Ndinalowetsa dzanja pakati pa zitsulo, ndinapapasa kumbuyo kwa bokosi, ndinadzicheka pa chala, mpaka waya analowa. Sikirini inati palibe chimene ikulandira. Nditaunika ndi foni ndinaona kuti polowera wayapo panali pakuda, popserera. Mphezi ija sinaphe kompyuta yokha.

Ndili pamwambapo ndinamva bokosi likulira pang'onopang'ono m'kati, ndipo ndinakumbukira chinthu china choopsa. Mabokosi amenewa akadzaza amafufuta zakale kuti alembe zatsopano. Sindinkadziwa kuti ili limasunga masiku angati. Mwina ola lililonse limene ine ndinkadina apa, ilo linkadya Loweruka lija. Ndinayamba kutsika, ndipo ndisanafike pansi magetsi anazima.

Masanawo ndinakhala ndi atsibweni pansi pa mango. Anatulutsa m'thumba la jekete kapepala ka mtedza wokazinga n'kundigawira. Ndinalandira, ndinadya, koma ndikudya choncho maso anga anagwera pa njinga yawo. Matayala onse awiri anali atsopano, timinga take tisanathe n'komwe. Ganizo linalowa lokha, losaitanidwa. Ndinalikankha, ndinadzitukwana chamumtima, ndinadzikumbutsa kuti munthu ameneyu ndi amene anandinyamula pa njinga kupita nane ku mayeso a giredi seveni mvula ikugwa. Koma ganizolo silinachoke. Linakwera nane minibasi mpaka ku Katete.

Ndinkadana ndi bokosi lija, ndinkadana ndi laputopu, ndinkadana ndi munthu wa ku Vubwi ndi chulu chake. Koposa zonse ndinkadzida ndekha. Mlandu unali wa atsibweni, koma ine ndinali nditayamba kudandaula za mbiri yanga, kuti anthu a ku Sinda azidzati aphunzitsi a makompyuta analephera kutsegula kabokosi.

Madzulo ake, dzuwa lisanalowe, ndinapita kwa mphunzitsi mnzanga amene ali ndi intaneti yabwinoko. Ndinawerenga mpaka maso kuwawa. Pa tsamba lina, pansi penipeni, munthu wina anali atalemba kuti bulawuza yakale ija sinafe yonse. Anaikwirira m'kati mwa yatsopano imene imabwera ndi laputopu, kuti maofesi amene akali ndi zinthu zakale asalire. Koma anaibisa dala. Uyenera kulowa m'zosintha, kutsika, kulowanso m'zina, kuvomera, kulemba adiresi ya chinthu chako pa mndandanda, kutseka ndi kutsegula. Ndinakopera njira yonse pa pepala ndi dzanja, ngati mwana wokonzekera kubera mayeso.

Lachinayi linali tsiku lomaliza. Ndinatsatira pepala langa mzere ndi mzere. Laputopu inandichenjeza kuti ndikutsegula khomo la ngozi. Ndinavomera. Inandichenjezanso kuti amene anapanga kapulogalamu aka sakudziwika. Ndinavomera. Inanena kuti chitetezo chitsika, ine n'kuti chitsike. Zonse zimene ndimaopseza nazo ana m'kalasi ndinazichita m'mawa umodzi. Ndinalemba manambala, ndinalemba pasiwedi imene tsopano ndinkaidziwa kuposa nambala ya foni yanga. Pansi pa sikirini panatuluka kamzere kachikasu kofunsa ngati ndikulola kapulogalamu kaja kugwira ntchito. Ndinalola.

Kabokosi koyamba kanaphethira, kenako ndinaona sikelo, matumba, ndi msana wa eni depo atawerama. Kachiwiri kanaonetsa chitseko chachikulu. Kachitatu mulu wa mtedza. Kachinayi panja, mtengo wa mango, ndi munthu wa shati yoyera atakhala pa njerwa. Ndinafuula ndekha ngati ndili ku mpira. Alimi a pakhomo anaomba m'manja, wina n'kuthamanga kukaima patsogolo pa kamera kuti anzake amuone.

Eni depo anasiya sikelo n'kubwera chothamanga. Apa ndi pamene ndinachita chinthu chimene sindinachikonzekere. Ndisanadine pa zithunzi zakale, ndinakoka laputopu n'kuitembenuzira kukhoma, kuti sikirini iziyang'ana ine ndekha. Ndinawauza kuti kuwala kwa pakhomo kukundithobwa m'maso, ayambe adikira ndipeze tsiku lake. Iwo anaima kutsidya kwa tebulo, akupuma mwamphamvu.

Ndinasankha Loweruka la Kulamba. Bokosi linati palibe kanthu. Ndinasankha Lamulungu, palibe. Lachisanu, palibe. Ndinayesa mwezi wonse wa Ogasiti, ndinayesa dzulo lomwe, palibe. Ndinati basi, zonse zafufutika, ndavutikira mphepo. Kenako ndinayang'ana pakona pa chithunzi cha sikelo, pamene pamalembedwa tsiku ndi nthawi. Bokosi linkati lero ndi tsiku loyamba la Januwale, chaka chakalekale ine ndikali ku pulaimale, ndipo nthawi ndi cha m'ma thiri koloko. Kabatire kosunga nthawi m'kati mwake kanali katafa. Likazima n'kuyakanso, linkayambira pomwepo, tsiku lomwelo.

Nditalemba tsiku la Januwale limenelo, panatsika mndandanda wautali wa zidutswa, zonse za tsiku limodzi. Ndinayambira kunsi n'kumabwerera m'mbuyo. Ichi ndi cha lero. Ichi cha dzulo, ndikudziona ndekha ndikukoka makwerero ngati wamisala. Ichi cha Lachiwiri. Chotsatira chinayenera kukhala cha Lolemba. Ndinachitsegula.

Atsibweni ali okha m'depo, akukoleka jekete pa msomali. Akutsegula zenera. Akutembenuka kuti atenge tsache, ndipo akuima. Anaima nthawi yaitali moti ndinaganiza kuti chithunzi chagwira. Kenako anavula chipewa, anayandikira mulu, n'kuyamba kuloza matumba ndi chala limodzilimodzi. Atafika kumapeto anayambiranso. Anayambiranso kachitatu, n'kukhala pansi pa sikelo manja ali kumutu. Munthu amene akudziwa kumene katundu wapita sawerenga choncho pamene palibe womuona. Misozi inalengeza, ina ya chisoni, ina ya manyazi chifukwa cha matayala aja. Apo ndi pamene ndinabweza laputopu kuti eni depo aone nawo.

Anazungulira tebulo n'kudzaima kumbuyo kwanga. Anaonera, anati hmm, n'kunena kuti tione za Loweruka. Ndinatsegula chidutswa cha m'mbuyo mwake, ndikuyembekeza kuona depo yopanda anthu. Koma munali anthu, alimi, phokoso la ntchito, ndi eni depo omwe atavala shati imene anati anavala Lachisanu. Ndinathamangitsa chithunzi mpaka kumapeto. Alimi anatha. Atsibweni anasesa, anatseka mazenera, anavala jekete. Kenako anayenda kupita kukhoma la pafupi ndi chitseko, anakweza dzanja, ndipo zonse zinati bii. Pakati pa dzanja limenelo ndi Lolemba m'mawa panalibe kanthu.

“Mwaona!” anakuwa eni depo, akumenya tebulo. “Mwaona mweka, amadamu! Anazimya makamera! Munthu azimya makamera chifukwa chani?”

Ndinamva mawuwo akuyenda chonong'ona kuchoka kwa mlimi wina kupita kwa wina, mpaka panja. Masiku atatu ndinavutikira kuti ndiwayeretse, ndipo chimene ndinatulutsa chinali chingwe chowamangira.

Ndinatsegula chidutswa cha Lachinayi la sabata imeneyo n'kuthamangira kumapeto. Kusesa, mazenera, jekete, khoma, dzanja, mdima. Cha Lachitatu chimodzimodzi. Ndinalumpha kupita pamwamba penipeni pa mndandanda, masabata angapo m'mbuyo, mulu wa mtedza ukali waung'ono. Dzanja lomwelo, khoma lomwelo. Ndinawaonetsa eni depo zidutswa khumi, chimodzi pambuyo pa chinzake. Tsiku lililonse la ntchito linkathera pa swichi yaikulu ya magetsi a depo yonse.

Anawaitana atsibweni. Analowa chipewa chili m'manja, n'kuima pafupi ndi chitseko ngati mlendo.

“Akulu, n'chifukwa chani muzimya meini swichi poweruka?”

Atsibweni anadabwa ndi funsolo. Anandiyang'ana ine, anayang'ana eni depo.

“Si paja aphunzitsi anatiuza? Tsiku lija mphezi inatentha kompyuta. Anati poweruka tizizimitsa zonse pakhoma, tisasiye kanthu koyaka. Inu abwana munalipo. Munatinso zili bwino, mayunitsi azikhalitsa.”

Ndinali nditaiwaliratu. Koma atangonena, zonse zinabwera, ndi fungo lomwe la pulasitiki wopserera. Anandiitana nthawi imeneyo kuti ndidzaone ngati kompyuta ingadzuke. Ndinafika nditakwiya chifukwa ananditulutsa m'kalasi, ndinaitembenuza, ndinati yafa, n'kuyamba kuwalalatira akuluakulu awiri ngati ana a giredi eyiti. Kumudzi kwathu mvula ikamabwera timazula chilichonse pakhoma, ndipo ine ndinangowapatsa lamulo lomwelo, ndikulikometsera ndi mawu a kusukulu. Za bokosi la kudenga sindinaganizeko, mwina sindinakweze n'komwe maso. Wina aliyense akanamvera sabata imodzi n'kutayirira. Atsibweni anamvera zaka ziwiri osaphonya tsiku. Nthawi yonseyo makamera ankalondera depo pamene muli anthu, n'kumagona pamene mulibe.

Ndinanena pamaso pa onse kuti wolakwa pamenepo ndine. Ndinafotokoza mokweza kuti a pakhomo amve, kawiri konse. Koma mawu akuti anazimitsa makamera ndi aafupi, amayenda msanga. Kufotokoza kwanga kunali kwakutali, kodzaza mabatire ndi mphezi, ndipo ndinkaona pa nkhope zawo kuti ambiri akanyamula chachifupicho.

Eni depo anakhala pa thumba la soya n'kupukuta nkhope. Sanali munthu woipa, anali munthu amene waberedwa. Anati za kupolisi zisiyidwe, palibe chimene angakaonetse kumeneko. Anati akulu abwerere pa sikelo Lolemba. Koma makiyi, anatero akuyang'ana pansi, ayamba asunga okha, kutsegula ndi kutseka azichita okha, mpaka zinthu zidzaoneke bwino.

“Zikomo, abwana,” anatero atsibweni. Anapisa m'thumba, anamasula kiyi pa kachingwe n'kumuika pa tebulo pafupi ndi laputopu yanga. Kenako anapita pa zenera, anatenga kapu yawo yachitsulo ndi kabuku ka nyimbo kamene ankasunga pamenepo.

Ndinauza eni depo kuti bokosi lija likufunika waya wakewake wosadutsa pa swichi, ndi kabatire katsopano. Ndinawalembera njira yonse yotsegulira pa pepala. Anandithokoza kwambiri, anati ndine katswiri. Ndinkafuna kuponya laputopuyo pa mulu wa soya.

Atsibweni anandiperekeza ku mseu waukulu akukankha njinga, chikwama changa atachikoleka pa handulo. Ndinayankhula njira yonse. Ndinati ndipepesa kwa amayi, ndinati ndibwera Lamulungu kudzafotokoza kwa akulu anzawo a mpingo, ndinati Lolemba akangoyamba ntchito anthu aiwala.

“Lolemba sindibwera,” anatero mofatsa. “Munthu amene ankatsegula, mawa aziima panja kudikira kuti amutsegulire, alimi akuona? Ndikalima.”

Ndinayamba kuwatsutsa, koma anakweza dzanja pang'ono. Tinali titafika pa siteji. Anatsamiritsa njinga pa mwendo n'kundiyang'ana, osati mokwiya.

“Za swichi usadandaule nazo. Unanena kuti utiteteze, ine ndinamva, palibe mlandu. Koma ndikufunse chimodzi, iwe mwana wa mlongo wanga. Pamene ndinakhala paja, m'ofesi mumaoneka. Zithunzi zitatuluka, unatembenuzira makina ako kukhoma. Unkaopa kuti abwana aona chiyani?”

Za kuwala kwa pakhomo zinafika pa lilime, koma sindinathe kunama kachiwiri tsiku limodzi. Minibasi inaima, kondakitala akukuwa Katete, Katete. Atsibweni anadikira pang'ono, kenako anachotsa chikwama pa handulo n'kumupatsa kondakitala, namuuza kuti asamale muli makina a sukulu.

“Ukapereke moni kwa ana,” anatero.

Matumba aja sanapezeke. Atsibweni amalima mtedza wawo kumudzi, ndipo akakolola amakagulitsa ku depo ina, yakutali, ngakhale ya ku Sinda ili pafupi. Ndikapita amandilandira bwino, amandifunsa za sukulu. Funso lija sanalibwerezenso, ndipo ine sindinaliyankhebe.